Ophunzira a Che Sufiyani Apita ku Boma

Amuna anga anali ndi matenda awiri, mphumu ndi mabuku. Mphumu inkabwera nthawi yachisanu, ndipo ndinkadziwa chochita nayo: madzi otentha, masamba a bulugama, bulangeti. Mabuku ndiwo analibe nyengo, ndipo mankhwala ake sindinawapeze. Munthu wamkulu wa ndevu zake, mphunzitsi wa sitandade 7 pasukulu ina kufupi ndi Ulongwe, koma akaona nyuzipepala yakale yokulungira nsomba ankayamba aiwerenga kaye, kasitomala ali chiimire. Dzina lawo ndi Che Sufiyani. Ine ndine Rukiya, ndipo masiku amenewo ndinkagulitsa matemba a ku Chiuta m'mbali mwa msewu, poima mabasi.

Chaka chimene mvula inadula chimanga chili m'chiuno, kunabwera ophunzira atatu a ku mayunivesite akunja. Ankati akulemba za ulimi wa mpunga ndi usodzi wa ku Chiuta. Anachita lendi nyumba ku Balaka, kufupi ndi njanji, ndipo ankayenda pa landirova yakale yotsokomola kuposa amuna anga. Ankafuna wowaphunzitsa Chichewa ndi Chiyao pang'ono, ndiye wina wopanda chochita anawalozera kwathu. Panali Kaisu, mtsikana wa ku Finland, tsitsi ngati khonje. Panali Kwaku wa ku Ghana, wakuda ngati ife, moti amayi a pamsika ankamukalipira kuti ngwonyada akalephera kuyankha moni. Wachitatu anali wa ku Jeremani. Dzina lake linandikanika, ndipo tonse tinkangomuti Mlongoti chifukwa cha kutalika. Tsitsi lake lalitali anamumeta pabwalo la ndege tsiku lomwe anafika, poti boma silinkalola amuna kusunga tsitsi lotero, ndipo ankaligwirabe kumbuyo kwa khosi ngati lilipo.

Kaphunzitsidwe ka Che Sufiyani kanalibe bolodi kapena choko. Ana aja ankabwera masana sukulu itaweruka, n'kukhala pamkeka pansi pa mango kuseli kwa nyumba. Akangogwira mawu angapo, aphunzitsi ankawatuma: uyu akagule tomato, uyu akafunse njira ya kumzikiti ngakhale akuuona, uyu akapepese maliro kwa anansi. Wobwera ndi tomato wodula ankabwezedwa kuti akanenerere. Anawaphunzitsa kulandira chinthu ndi manja awiri, kusatchula wamkulu dzina, kuyamba ndi moni ngakhale nyumba ikupsa. Kaisu ankagwada bwino kuposa atsikana athu ena, ndipo ankanditchula amayi mosanamizira. Ndinkamukonda mwana ameneyo, sindibisa. Mwana wathu yekhayo, Zaina, anali atakwatiwa kutali, ndipo pakhomo panali patazizira mpaka ana awa atabwera.

Ndi Kaisu amene anabweretsa buku lija. Linali lonenepa ngati njerwa, lolembedwa m'Chingerezi koma lochokera m'chilankhulo cha kwawo. Anati ndi buku lakale lotchuka, agogo ake anawerenga, amayi ake anawerenga, ndipo limanena za dziko lawo zaka mazanamazana zapitazo. Analipereka ndi manja awiri monga anaphunzitsidwira. Amuna anga analilandira ngati akulandira khanda. Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala pamitala, mkazi mnzanga ali wa mapepala.

Akachoka kumzikiti kuswala Alasiri, pemphero la chakumadzulo, ankakhala pakhonde n'kutsegula bukulo. Ine ndili pambali kusankha matemba, iwo akuseka okha, kenako akupukusa mutu, kenako akuti "Aaa, Mnungu wanga!" Nkhuku zinalowa m'munda wa mpiru iwo ali pomwepo. Tsiku lina ndinatopa nazo.

"Bambo a Zaina, ngati muli nkhani m'menemo tigawireniko. Ngati mulibe, kapitikitseni nkhuku."

"Muli nkhani, mayi. Anthu awatu ndi Ayao, kungoti Mnungu anawaika kozizira."

Basi anayamba kundifotokozera, tsiku lililonse kachigawo, m'Chiyao chathu. Kunali dziko la nyanja zambiri ndi nkhalango, kumene madzi amauma gwaa mpaka ng'ombe kuyenda pamwamba pake. Izi ndinakana kukhulupirira mpaka Kaisu atalumbira. Mfumu yawo inkakhala kutsidya kwa nyanja yaikulu, ndipo inkatumiza asilikali kudzagona m'nyumba za alimi ndi kudya za m'nkhokwe zawo. Mayina a anthu a m'menemo anali aatali ngati msewu wa ku Mangochi, ndiye amuna anga anawapatsa a kwathu kuti ndisasokonezeke. Ine amene anandigwira mtima anali mayi wamasiye wina wouma mutu. Asilikali akubwera, anabisa ng'ombe yake imodzi yokhayo m'kanyumba kosambiramo nthunzi, n'kuwauza kuti muli apongozi ake odwala nthomba. Ng'ombe ija italira, mayiyo anangoti mwamva mmene akubuulira. Ndinaseka mpaka lichero kugwa. Che Sufiyani ankadziwa poimira, pamene pakoma penipeni, n'kutseka buku kuti zotsala mawa. Ndinkawatukwana chamumtima, koma mawa lake ndinkafulumira kuchoka kumsika.

Sizinali zoseketsa zokhazokha. Kunagwa njala m'bukumo, anthu n'kumasenda makungwa a mitengo, kuwayanika, kuwasinja n'kuphika buledi. Pofika pamenepo amuna anga anayang'ana kaye kumsewu n'kutsitsa mawu. Ifenso chaka chimenecho tinkaphika mango osapsa ndi kusefa madeya kawirikawiri, koma wailesi inkati kuno kulibe njala, ndipo wotsutsana ndi wailesi ankadziwa yekha kopita. Ndinamva chisoni ndi anthu oti sindinawaonepo, anafa kalekale, mwinanso sanakhaleko n'komwe. Ndinalira misozi yeniyeni pa matemba a anthu.

Pokhala mphunzitsi, sakanalisiya buku kungokhala lokoma. Analisandutsa phunziro. Ophunzira aja ankayenera kufotokoza chigawo chilichonse m'Chichewa, iwo akuwakonza. Mlongoti ankachita thukuta, Kwaku ankaonjezera zake zoti mulibe m'bukumo, Kaisu ankanena molondola ngati akuwerenga Kurani. Ndi tsiku lina lotero pamene Enock anatulukira.

Enock anali mkulu wa anyamata a chipani pa Ulongwe, amene ankaima pachipata cha msika kuona makadi a chipani. Anaphunzirapo m'kalasi mwa amuna anga n'kulekera panjira. Alendo aja atangofika anadzipereka kuti aziwatanthauzira, iwo n'kumukana mwaulemu, ndipo iye sanaiwale. Analowa opanda odi, n'kuima pamkeka ndi nsapato. Anatola buku lija n'kuyang'ana chikuto chake. Panali chithunzi cha anthu onyamula zibonga ndi nkhwangwa, kumbuyo kwawo nyumba ikuyaka.

"Buku ili likunena chiyani?" anafunsa Enock.

Amuna anga asanatsegule pakamwa, Kaisu anayankha, wokondwa kuti wapeza pogwiritsa ntchito Chichewa chake.

"Ndi nkhani ya alimi, bambo. Anatopa ndi njala, ndipo anakana kupereka chakudya chawo kwa asilikali a mfumu."

Chiganizo chonse chinatuluka chowongoka, chopanda cholakwa ngakhale chimodzi, ndipo ndinaona nkhope ya amuna anga ikuwala kaye ndi kunyadira asanazindikire chimene chanenedwa. Enock anangoti ooh, n'kubweza buku pamkeka bwinobwino, n'kupita. Kwaku ndiye anagwira kumutu.

Ophunzira ananyamuka mawa lake kupita ku Chiuta kukakhala ndi asodzi sabata yathunthu. Iwo ali komweko, anthu awiri ovala masuti anafika kusukulu pa galimoto yoyera. Anawatenga Che Sufiyani m'kalasi, ana akuona, n'kudzera kunyumba kudzatenga buku. Sanawamenye, sanakuwe. Anati akufuna akawafotokozere pang'ono chabe ku Boma. Amuna anga anandiuza kuti nditsekere nkhuku, ngati kuti anazitsekerapo chibadwire. Ndinadziwa kumene akupita. Kuseli kwa msika wa pa Boma kunali nyumba ina yopanda chikwangwani, imene aliyense ankaidziwa koma palibe ankaiyang'ana podutsa.

Ndinachita mantha, koma sindinataye mtima, chifukwa nkhani zazing'ono ngati zimenezi zinali ndi njira yake, ndipo pa Ulongwe mwana aliyense ankaidziwa. Mkazi sapita ku Boma kukalira. Amene amayenda ndi amjomba, amalume a munthu wotengedwayo. Amanyamula nkhuku m'mamawa, kulowera khomo lakumbuyo kwa a tcheyamani a nthambi ya chipani, kucheza za mvula ndi za mbuzi, n'kusiya nkhukuyo osatchula mlandu. A tcheyamani a nthambi amakaona a tcheyamani a dera, a dera amakamwa tiyi ndi bwana wa nyumba ija. Ndipo pa tiyi ameneyo munthu sakamuyamikira iyayi. Amakamunyoza. Amakati uyu ndi chitsiru chathu, mutu wake sukoka bwino, palibe amamumvera ngakhale mkazi wake, tipatseni tikamulange tokha kumudzi. Munthu ankatuluka m'nyumba imene ija chifukwa choti ndi wopanda pake. Bwana akakhutira kuti wagwira kachinthu kosadyeka, ankakataya.

Amjomba awo a amuna anga anali Che Sadiki, mkulu wogulitsa fodya, amene anali atatulutsapo anthu angapo mwa njira yomweyi. Anabwera kudzandifunsa zopusa zonse za mphwawo kuti akhale ndi katundu wokwanira. Apo ndiye anafunsa mwini wake. Ndinawauza za nyuzipepala za matemba, za nkhuku m'munda, za tsiku limene anapita kusukulu ndi nsapato zosiyana, za kuseka okha pakhonde. Zimene ndinkawakalipira nazo zaka zonse ndinazisonkhanitsa ngati mankhwala. Che Sadiki anagwedeza mutu mokhutira.

"Chambone, zili bwino. Ameneyu atuluka. Koma mlamu, pakamwa potseka. Wina akafunsa, wapita kukaona odwala ku Ntaja. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ndinapereka tambala wanga wamkulu wofiira. Patapita masiku, uthenga unabwerera mwa njira yomwe unapitira: bwana waseka, wati mphunzitsi wamisalayo agoneko pang'ono kuti aphunzire, Ijumaa, tsiku Lachisanu, ikadutsa apita kwawo. Ndinachapa zofunda zawo, ndinasesa pansi pa mango.

Lachinayi masana landirova inalira pabwalo. Ana aja anatsika atapsa ndi dzuwa, Mlongoti atanyamula mlamba wouma wa aphunzitsi. Ndinayesa bodza la ku Ntaja, koma Kwaku anangoyang'ana njinga ya amuna anga ili pakhoma, kenako n'kuyang'ana ine. Ndinawalowetsa m'nyumba n'kutseka chitseko, n'kuwauza zonse motsitsa mawu. Kaisu anayera kuposa mmene analili.

"Ndi ine, amayi. Buku ndi langa. Mawu ndinanena ndine."

"Zachitika, mwanangu. Zikukonzedwa. Inu bwererani ku Balaka mukakhale phee."

"Iyayi, tipite ku Boma. Ndikawauze kuti buku ndi langa. Aphunzitsi sanalakwe."

"Kumeneko sakufunsa wolakwa ndani."

"Koma ndi zoona, amayi. Tikanena zoona adzamva. Tidzawauza kuti Che Sufiyani ndi munthu wamkulu, wanzeru. Aphunzitsi athu a ku yunivesite akudziwa dzina lawo. Tinawalembera za iwo."

Ndinayesa kumufotokozera za nkhuku, za tiyi, za chitsiru. Ankamva mawu onse, pakuti anaphunzitsidwa bwino, koma nkhaniyo sinkalowa. Anandifunsa ngati ndikulola kuti amuna anga azinenedwa amisala pamaso pa anthu. Ndinati eya, ngakhale anenedwe galu, bola agone m'nyumba muno. Anandiyang'ana ngati ndine wogulitsa mwamuna wake.

Kwaku analowererapo. Anatembenukira kwa ine m'Chichewa chake chopindika, kuti nanenso ndimve.

"Amayi akunena zoona. Kwathu ndinaona. Mchimwene wa bambo anga anatengedwa. Amene anachita phokoso, anamuonjezera. Tikhale chete."

Kenako anayamba kukangana m'Chingerezi, mawu akukwera, mpaka ndinawaopseza ndi chikhatho kuti anansi akumva. Mlongoti ankangotembenuza mutu uku ndi uku. Kaisu anali akulira tsopano, ndipo anabwerera ku Chichewa.

"M'buku muja, amayi, munthu wina atamangidwa, alimi onse anapita limodzi kunyumba ya bwanamkubwa. Anaima panja pozizira, osachoka. Aphunzitsi akafika pamenepo adzakonda kwambiri."

"Sanafikepo. Nanga alimiwo zinawathera bwanji?"

Anapukuta mphuno n'kuti, "Koma anapita."

Ndinachita chimene sindinachitepo. Ndinagwada pansi pamaso pa mwana wa msinkhu wa Zaina, ndinagwira miyendo yake, ndinamupempha m'dzina la Mulungu wake ndi wanga kuti adikire Ijumaa idutse. Anachita manyazi n'kugwada nayenso, n'kuti chabwino amayi, chabwino. Ndinakhulupirira. Ndinawapatsa matemba a pa ulendo, n'kuwaperekeza mpaka pamsewu. Ndinali nditaiwala kuti chabwino wa munthu amene akuona kuti akuchita zolungama salemera kanthu. Amuna anga anawaphunzitsa ana aja kuyankhula konse kwa kuno, kupatula kukhala chete, chifukwa kumeneko ife sitiphunzitsana, timangobadwa nako.

Ijumaa inafika n'kudutsa. Loweruka ndinakhala pakhonde kuyang'ana basi iliyonse yochokera ku Liwonde. Lamulungu chimodzimodzi. Lolemba Che Sadiki anapita kwa a tcheyamani a nthambi, ndipo anabwerako atakalamba. Mkazi wa a tcheyamani anawaimitsa panja n'kuti bambo kulibe, njinga yawo ili chitsamire pankhokwe. Anawauzanso kuti asadzapondenso pakhomopo, ndipo ngati wina afunsa, nkhuku ija inali ya ngongole yakale.

"Chachitika n'chiyani, amjomba?"

"Alendo anu anapita ku Boma."

Sananene zambiri chifukwa sankadziwa zambiri. Anakhala pamkeka nthawi yaitali akupotokola fodya osamuyatsa. Kenako anati mlendo ndi mame, n'kunyamuka.

Apo ndinaphwanya mwambo, poti panalibenso chousungira. Ndinakwera basi kupita ku Boma ndi mpunga m'kambale, jekete ndi mapiritsi awo. Pakhomo la nyumba ija panali mlonda wachikulire. Ndinagwada n'kutchula dzina. Anayang'ana kumwamba ngati akukumbukira, n'kuti dzina limenelo sanalimvepo. Ndinati anabwera pa galimoto yoyera, mphunzitsi, wa ndevu. Anati mayi, kuno kulibe munthu wotero, sanabwereko, ndipo inu ngati muli ndi ana pitani mukawalere. Ndinaima pamenepo mpaka anatulutsa ndodo. Mpunga uja ndinapatsa wamisala wa pamsika.

Landirova ndinaionanso kamodzi. Inadutsa pa Liwonde ndikudikira basi yobwerera, ikulowera cha ku Zomba, katundu ali pamwamba, kutsogolo kutakhala munthu wa suti. Kaisu anandiona. Anaika chikhatho pagalasi, pakamwa pakuyenda, koma galimoto sinaime. Ndinamva pambuyo pake kuti anawalamula kutuluka m'dziko sabata yomweyo. Kaisu anakwera ndege kupita kwa amayi ake, ku nyanja zawo zouma. Sindinakweze dzanja. Ndinali ndi mkwiyo woti ndikanamugwira ndikanamuthyola, komanso ndinkadziwa kuti mwanayo sadzagonanso tulo tabwino, ndipo zonse ziwirizi zinkandiwawa pamodzi.

Pa Ulongwe anthu anayamba kundizungulira. Amayi amene tinkayala nawo malonda anasunthira malichero awo patali pang'ono, tsiku lililonse pang'ono, mpaka ndinatsala ndekha ngati wa khate. Kusukulu anaika mphunzitsi wina, ndipo ana analetsedwa kutchula wakale uja. Enock ankandipatsa moni waulemu kwambiri pachipata, n'kuona kadi langa mbali zonse ziwiri. Kumzikiti a shehe sanadziwe chonditcha. Wamasiye amakhala eda, masiku ake obindikira m'nyumba, amalira, anthu amamupepesa, kenako amayamba moyo wina. Ine panalibe maliro, panalibe manda, panalibe wondipepesa. Che Sufiyani sindinawaonenso, ndipo palibe anabwera kudzandiuza tsiku kapena malo.

Chimene chinachitika ku Boma ndinachimva miyezi itapita, kwa Gladys. Anali mayi wotayipa makalata m'nyumba yopanda chikwangwani ija, Mkatolika wa ku Mangochi, ndipo kale ankagula matemba kwa ine akamapita kwawo. Tsiku limenelo basi itaima anatsika, n'kudutsa malichero onse, n'kudzanjuta pa langa. Anayamba kutembenuza nsomba ngati wosankha, maso ali pansi.

"Musandiyang'ane, amayi. Muziwerenga milu."

Ndinayamba kuunjika matemba.

"Anabwera Ijumaa m'mawa, onse atatu. Wakuda uja anatsala m'galimoto, ankaoneka kuti sakufuna. Wamtali anali ndi kamera pakhosi. Mtsikana analowa mpaka mu ofesi ya abwana, n'kugwada pakhomo, n'kupereka moni wonse bwinobwino. Abwana anaseka, anakondwa, anafunsa kuti Chichewa chokoma chonchi wakuphunzitsa ndani."

"Ndiye anatchula."

"Anatchula. Anati Che Sufiyani ndi munthu wophunzira kuposa onse amene wakumana nawo kuno. Anati maprofesa a ku Ulaya akuwadziwa. Anati ngati satuluka lero, akauza kazembe wa dziko lawo, ndipo nkhani imveka pa mawailesi akunja. Ananena mwaulemu, amayi, akulira. Ine ndinasiya kutayipa."

"Abwana anati chiyani?"

"Anasiya kuseka. Anati kodi ndi choncho, ife timayesa ndi wamisala. Anawatulutsa alendowo, n'kutseka chitseko, n'kuimba foni kumtunda kwa akuluakulu awo. Munthu woti azungu akumudziwa sakanamumasula okha, akanalowa m'ndende ndi iwowo. Dzuwa lisanapendeke kunabwera galimoto ina, yotseka kumbuyo."

"Inapita kuti?"

"Sindidziwa. Za galimoto imeneyo sititayipa."

Basi inaliza hutala. Gladys anatambasula nsalu yake kuti ndithiremo nsomba, ndipo ndinathira osaona kuti ndi zingati. Anaimirira theka, n'kunjutanso.

"Ndakhala ndikulimbana nazo ngati ndikuuzeni kapena ayi. Amuna anu anali atamasulidwa kale, amayi. Abwana analamula m'mawa womwewo kuti asadikire Loweruka, apite akaswale Ijumaa kwawo. Lamba ndi nsapato anali atawabwezera. Anakhala pabenchi ya kuseli akumanga zingwe za nsapato pamene galimoto ya alendo inkalowa pachipata. Anamva mawu a mtsikana uja kudzera pawindo, zonse zimene ankanena."

Ndinafunsa chinthu chopusa, chifukwa china chinandikanika. Ndinafunsa ngati anawavulanso nsapatozo.

"Anavula okha," anatero Gladys. "Sanadikire kuuzidwa."